Ba Mbololwa ndi Giya ya Topu

Funsani aliyense amene anakhalako ku Libuyu m'zaka za m'ma 1990, akuuzani kuti mu Livingstone monse munali munthu mmodzi yekha wosintha magiya a njinga yamoto motsatira kwaya. Munthuyo anali Ba Mbololwa, mkazi wa Ba Mwiinga, mayi wamfupi, wojintcha, wa mawu a alito okhuthala ngati phala la mawere. Oyendetsa ena amayang'ana kasingano kosonyeza liwiro, ena amangoponya giya mtima ukawauza. Ba Mbololwa ankamvetsera ndi khutu. Injini ikapanda kuimba pa mawu amene iwo ankafuna, giya yomaliza ija timati topu sinkalowa, kaya kumbuyo kukubwera mvula, kaya njovu, kaya mwamuna wawo. Ndipo zonse zitatuzi zinawatsatirapo.

Ine ndine Lonah. Nyumba yanga inagundana ndi yawo, ndipo ku kwaya ya mpingo wathu ndinkaima pafupi ndi Ba Mbololwa, phewa ndi phewa. Choncho zina mwa zimene ndikukambazi ndinaona ndi maso anga, zina ndinamva kudzera pampanda, umene unali wamabango ndipo sunkasunga chinsinsi cha munthu.

Njingayo inali ya mawilo atatu, limodzi kutsogolo, awiri kumbuyo, ndipo pakati pa awiriwo panali bokosi lachitsulo lalikulu loti munthu n'kukhalamo mwendo uli tambalale. Kale inkanyamula buledi wa bekari ina imene inatseka nthawi ija mafakitale a m'tauni mwathu ankatseka motsatizana. Ba Mwiinga anali atangochotsedwa kumene ntchito kunjanji. Anaigula, n'kuikankha ndi manja kuchokera m'tauni mpaka ku Libuyu, thukuta lili kamukamu, akuuza aliyense wokumana naye kuti petulo sawononga pa ulendo woyamba.

"Ine nayendetsa sitima mpaka ku Mulobezi," ankatero. "Aka ni kachidole chabe."

Amene anagwira nawo ntchito ankati udindo wawo kunjanjiko unali wokupiza mbendera, koma ife sitinafune kuwachititsa manyazi.

Loweruka m'mawa mzere wathu wonse unasonkhana kudzaona. Ba Mwiinga anavala chipewa chawo chakunjanji, anakwera, anaponda, injini inabangula. Ndodo ya magiya inali pambali pa thanki, yokoka ndi dzanja. Anaponya yoyamba, yachiwiri, yachitatu, topu, zonse asanatuluke bwino pageti, ngati munthu wothyola chimanga m'munda wa eni. Njinga inatsokomola, inadumphadumpha ngati mbuzi yokana chingwe, kenako, popeza mzere wathu ndi wotsetsereka, inagwira mphamvu n'kuyamba kuthamanga. Atafika pokhotera anapendeketsa thupi ngati ali pa njinga yakapalasa, koma ya mawilo atatu simva zopendekera. Inapita molunjika, kudutsa m'dimba la repu la Ba Nawa, ometa tsitsi, n'kukaima m'bafa yawo yaudzu. Ba Nawa anali momwemo. Anatuluka ali thovu lokhalokha, atadziphimba ndi beseni, n'kufunsa mwaulemu wonse:

"Ba Mwiinga, sitima ya ku Mulobezi manje ipita mu bafa yanga?"

Kuyambira tsiku limenelo Ba Mwiinga anadwala bondo. Linali bondo lodabwitsa, chifukwa linkapweteka pokhapokha akayang'ana njinga. Kumowa linkawafikitsa bwinobwino.

Njinga inagona pansi pa mtengo wa mango miyezi ingapo. Nthawi imeneyo banja lonse linali litatsamira pa nkhuku za Ba Mbololwa, zoikira mazira, zimene ankaweta kuseri kwa nyumba. Mazirawo ankawasenza pamutu kupita nawo m'tauni, m'dzuwa lija la Okutobala limene limawotcha mchenga mpaka kutentha kumaboola patapata. Tsiku lina anabwerako khosi litauma, anatula mathireyi, n'kuima patsogolo pa njinga. Kenako analowa m'nyumba, anavala ovolosi ya amuna awo, anamanga chitenje pamwamba, n'kuikankhira kubwalo la mpira.

Masabata angapo ankangozungulira pabwalopo, mutu atapendeketsa ngati nkhuku yomvetsera mphamba, milomo atatseka, akung'ung'udza. Ndinawafunsa chimene ankang'ung'udza.

"Lonah, iyi njinga iimba," anandiuza. "Mu giya wani iyambila pansi monga besi. Ikakwela kufika pa tena, uchinja. Mu thu uyembekeza alito, pamene tiimba ise. Manje mu fili ndiye muli nkhani. Uyembekeza sopulano, ndipo osati sopulano wamba, koma uja wa Ba Clementina pa mzele womaliza wa nyimbo ya Pasaka. Ikafika paja, msewu nawo uli wowongoka, ulibe mchenga, siukwela, katundu siulema, ndiye upatsa topu. Ukafulumila, injini itsamwa. Topu sitipempha. Iitana yekha."

Vuto linali lakuti msewu wowongoka, wopanda mchenga ndi wosakwera ku Libuyu kulibe. Choncho topu ya Ba Mbololwa inkaoneka mwa apo ndi apo ngati kadamsana, ndipo amene anaionapo ankafotokozera anzawo.

Ba Mwiinga, bondo lawo likadali lodwala, anadzipatsa udindo wa manejala. M'mawa uliwonse ankakwera m'bokosi, n'kukhala pa saka lopinda pakati pa mathireyi a mazira, chipewa kumutu, ambulera m'manja. Iwo anali Mtonga, ndipo ankaitana mkazi wawo ndi dzina la mwana monga amachitira kwawo. Asanafike n'komwe pakona ya Ba Nawa, mkangano unkayamba.

"Topu, Bina Chabota."

"Ikalibe."

Kwathu kuno mawu amenewa amatanthauza kuti nthawi sinakwane.

"Onani, ngolo ya abulu yatipitilila."

"Abulu sibanyamula mazila."

"Petulo isila mu fili. Kunjanji tinali kuchita so..."

"Kunjanji kunalibe bafa ya Ba Nawa."

Pamenepo mkangano unkapuma mpaka pa mlatho, kenako n'kuyambiranso.

Komboni yonse inagawikana. Amuna a kumowa anali mbali ya Ba Mwiinga, ndipo njinga ikamadutsa ankakweza zikunga zawo za mowa n'kuyankhira limodzi kuti topu. Amayi a pampopi anali mbali ya Ba Mbololwa. Anthu ankanena kuti mazira ena ankaswa anapiye asanafike m'tauni, ndi kuti tsiku lina gulu la maliro loyenda pansi linawapitirira, n'kukaika, n'kuwapezanso pobwerera. Limenelo linali bodza, koma lokoma. Chimene ndikudziwa n'chakuti eni magolosale ndi ophika m'malo ogona alendo ankadikira mazira a Ba Mbololwa, chifukwa ankafika onse amphumphu. Ndipo mawu aja analowa m'kamwa mwa aliyense. Mtsikana akamakakamizidwa kukwatiwa ankangoti ikalibe. Mlaliki akatalikitsa ulaliki, wina kumbuyo ankanong'ona kuti topu, abusa.

Kunong'ona kotereku ndi kumene kunabweretsa mlandu ku kwaya.

Ba Clementina anali mtsogoleri wa masopulano, mayi wamtali, woonda, wamagalasi, amene ankasamala mawu ake ngati mwana wakhanda. Madzi ozizira sankamwa, ndipo ngakhale kutenthe bwanji ankakulunga kansalu m'khosi. Tsiku lina tikukonzekera za Pasaka, anakwera mzere womaliza uja, mawu ali nga nga nga mpaka malata kunjenjemera. Atafika pamwamba penipeni, mmodzi wa matena anati chapansipansi:

"Topu."

Kwaya yonse inagwa ndi phwete. Ba Clementina anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso, n'kutembenukira kwa ife a alito.

"Ba Mbololwa, namvela ati mau anga muyalinganiza na mudududu."

"Sinilinganiza, Ba Clementina. Injini ndiye iyesa kulingana na imwe."

"Ifika?"

"Nthawi zina ipitililako pang'ono."

Akanangoti sifika, nkhani ikanathera pomwepo. Koma Ba Mbololwa bodza sankalidziwa. Ba Clementina anati sadzaimbanso mpaka atadzimvera okha chitsulo chimene chimawaposa, ndipo Pasaka anali pafupi. Kwaya yopanda Ba Clementina inali ngati ndiwo zopanda mchere. Choncho tinapangana kuti Loweruka tikayese pa msewu wa kumathithi, umene ndi wa tala, wowongoka ndiponso wotsetsereka pang'ono. Ine anandisankha kukhala mboni.

Ba Mwiinga anachotsedwa m'bokosi, n'kutsala m'mbali mwa msewu atakwinya nkhope. Ba Clementina anakwera atavala yunifolomu yonse yamvano, anakhala pa kampando kamene anabwera nako, chikwama pamiyendo. Ine ndinanjuta pambali pawo. Tinanyamuka. Wani. Thu. Titalowa mu fili injini inayamba kukwera, ndipo Ba Clementina anakonza pakhosi n'kutsegula pakamwa.

Anakwera limodzi, munthu ndi chitsulo. Azungu awiri a zikwama kumsana amene ankayenda m'mbali mwa msewu anaima n'kutiyang'ana kukamwa kuli yasa. Mitsempha ya m'khosi mwa Ba Clementina inatuluka ngati zingwe. Kenako panafika pamene mawu awiriwo anakhala amodzi, osadziwikanso kuti awa ndi a munthu, awa ndi a injini. Ndinaona mutu wa Ba Mbololwa ukuwongoka, dzanja n'kupita pa ndodo. Topu inalowa mwakachetechete ngati mpeni m'papaya. Injini inatsika, inapuma, njinga n'kuyamba kuuluka. Mphepo inatenga duku la Ba Clementina n'kulisiya pa mtengo waminga, koma iwo anagwirabe mawu awo pamwamba paja okhaokha, mpaka mpweya unatha. Kenako anayamba kuseka ngati kamtsikana.

"Osaimilila, Ba Mbololwa. Duku nizagula ina. Pitilizani."

Tinakafika mpaka pafupi ndi mathithi, nkhungu yake ikutiwaza kumaso. Pobwerera Ba Clementina anagamula okha kuti apambana, chifukwa injini ndi imene inayamba kutsika. Palibe anatsutsa. Pa Pasaka anaimba kuposa zaka zonse. Kuyambira pamenepo akagwidwa ndi chimfine ankatumiza uthenga kuti, kauzeni Ba Mbololwa sabata ino azichinja msanga, mawu atsika.

Za njovu ine kunalibe, koma ndinazimva mbali zonse ziwiri, ina pampanda, ina kuchokera kwa obwera kumowa.

Chinali chaka cha chilala, pamene njovu zinkayandikira kwambiri kwa anthu. Banjali linkapita kumudzi wa Mukuni ndi mazira ndi kabichi za paukwati wina. Msewu wa kumeneko nthawi imeneyo unali mchenga wokhawokha, ndipo Ba Mbololwa anali mu giya yachiwiri, akuyenda mosamala. Ba Mwiinga, pokhala anakhala choyang'ana kumbuyo, ndi amene anayamba kuiona. Njovu yamphongo inatuluka m'tchire n'kulowa mumsewu, ikuwatsatira mosafulumira, ngati munthu amene wakumbukira kuti ali ndi mawu oti akuuzeni.

"Bina Chabota, topu."

"Ikalibe. Ni mchenga uyu."

"Kuli njovu kumbuyo."

"Naiona pa galasi. Ikalibe."

"Njovu siidziwa kwaya, Bina Chabota."

Ataona kuti mkazi wawo sakumva, Ba Mwiinga anatambasula ambulera, anakola ndodo ya magiya ndi ngowe yake, n'kukoka ndi mphamvu zonse. Magiya anakukuta mano. Injini inatsamwa, inatsokomola kawiri, n'kuzima. Kunangoti zii, kumveka mapazi okha a njovu mumchenga.

Ba Mbololwa sanatembenuke. Analankhula chonong'ona, mano ali gwa.

"Nkhalani zii. Mukakamba topu futi, nizakupelekani kuli yeve na manja anga."

Njovu inafika, inanunkhiza thanki, inanunkhiza duku la Ba Mbololwa, kenako inapisa chitamba m'bokosi n'kuyamba kutola kabichi imodziimodzi ngati mayi wosankha pamsika. Itamaliza inanyamula chipewa chakunjanji pamutu pa mwini wake, inachilawa, inaona kuti n'chosakoma, n'kuchitaya pansi. Kenako inabwerera m'tchire.

Mazira onse anapulumuka, kupatula thireyi imene Ba Mwiinga anaikhalira njovu itayandikira. Anafika ku Mukuni buluku litauma ndi dzuwa ngati chikumba. Kumowa anakafotokoza kuti anazimitsa injini dala, chifukwa aliyense wodziwa nyama amadziwa kuti njovu imadana ndi phokoso, ndiponso kuti anaiyang'ana m'maso mpaka inachita manyazi. Ba Mbololwa sanawatsutse pagulu. Anangobwereka sowo kwa kalipentala n'kudula ngowe ya ambulera.

Zinayenda choncho zaka zingapo, mpaka dzinja la 1997 pamene Ba Mbololwa anadwala malungo aakulu. Anagonekedwa m'chipatala, ndipo ena tinayamba kutaya mtima. Anachira, koma anatuluka ataonda, akudandaula kuti m'makutu mwawo mwalowa nyenje zosatopa kulira.

Ine ndinayamba kuzindikira ku kwaya. Munthu amene ankatigwira tonse a alito kuti tisasochere anayamba kutsalira, nthawi zina kulowa mzere tisanafikepo. Ndinkawatsina pachigongono, iwo n'kumangoyang'ana milomo yanga. Kenako tsiku lina m'mawa tinamva njinga ikulira pa tala mu giya yachitatu, kupitirira sopulano aliyense amene anabadwapo, ikukuwa ngati nkhumba yophedwa, koma topu osalowa. Sabata yotsatira anaponya topu msanga pa chitunda cha pafupi ndi msika. Injini inatsamwa, njinga inagwedezeka, mathireyi n'kugwera mumsewu. Amuna a zikunga aja anali pomwepo. Palibe anaseka. Anathandiza kutola mazira otsala, maso ali pansi.

Ba Mbololwa anaikankhira njinga pansi pa mango n'kuifunditsa masaka. Ku kwaya anasiya kubwera. Ankangokhala pakhonde, manja pamiyendo, akuyang'ana anthu odutsa. Mwana wawo Chabota anabwera kuchokera ku Lusaka n'kunena kuti njinga igulitsidwe, nkhuku zigulitsidwe, makolo akakhale kwa iye. Ankalankhula mokweza kuti mayi ake amve, motero mzere wonse unamva. Chabota anati adzabweranso ndi wogula mwezi ukatha.

Lachinayi lotsatira, a kwaya tili pakati pophunzira nyimbo, pakhomo la tchalitchi panaima Ba Mwiinga, chipewa chili m'manja. Munthu ameneyu m'tchalitchi ankalowa pa maliro ndi pa Khirisimasi basi. Anayenda mpaka kutsogolo, n'kuima pamaso pa Ba Clementina.

"Nifuna muniphunzitse kumvela sopulano."

"Kuimba?"

"Awe. Kumvela chabe. Paja pamene bachinjila."

Ba Clementina anawayang'ana kuchokera ku nsapato mpaka ku dazi.

"Imbani kamzele kamodzi nimvele."

Ba Mwiinga anaimba. Anali mawu a chule wodwala chifuwa. Ba Clementina anatseka maso ngati munthu womeza mankhwala owawa, kenako anati abwere Lachinayi lililonse, ndi Loweruka lomwe.

Sukulu imeneyo sindidzaiwala. Ba Clementina ankayambira pansi n'kumakwera, ndipo Ba Mwiinga ankayenera kukweza dzanja akafika pamalo pake. Masiku oyamba dzanja linkakwera mayi asanatsegule n'komwe pakamwa bwinobwino. Kwaya yonse inkayankhira pamodzi kuti ikalibe, Ba Mwiinga. Iwo ankapukuta thukuta n'kuyambiranso. Kumowa anayamba kusowa. Loweruka ankavundukula njinga, n'kuliza injini ili chiimire pansi pa mango, Ba Clementina ataima pambali akuimba, mkulu uja atatseka maso, khutu atalozetsa ku injini. Ba Mbololwa ankawaonerera ali pakhonde. Anandikodola n'kundifunsa mokweza, monga amachitira anthu osamva bwino:

"Lonah, aba bawili bapenga?"

Ndinangogwedeza mutu kuti inde.

Kutatsala masiku ochepa kuti Chabota abwere, Ba Mwiinga analongedza okha mazira m'bokosi, anatenga ovolosi ija n'kukaiika pamiyendo pa mkazi wawo. Anawerama n'kulankhula pafupi ndi khutu.

"Kwelani. Makutu yanu ni ine. Nikagunda pa phewa, muchinja."

"Imwe? Ba mu bafa?"

"Ine wamene."

Ba Mbololwa anatenga ovolosi ija. Kenako analowa m'nyumba kukavala.

Ine ndinakwera nawo, ati kuti ndigwire mathireyi, koma kunena zoona sindikanalola kuti zindipite. Ba Mwiinga ulendo uno anagwada choyang'ana kutsogolo, dzanja lili m'mwamba pafupi ndi phewa la mkazi wawo. Mu wani anagunda bwino. Mu thu anachedwa pang'ono, koma zinatheka. Titakwera pa tala, mu giya yachitatu, injini inayamba ulendo wake wokwera. Dzanja la Ba Mwiinga linali likadali m'mwamba. Maso anali atatseka, milomo ikuyenda, thukuta likutsikira m'khosi. Zaka zonse zija za kukuwa zinali m'dzanja limenelo, ndipo linkafunitsitsa kugwa. Ba Mbololwa anadikira, anadikira, kenako anatembenuza mutu pang'ono n'kufunsa mokweza:

"Topu, Ba Mwiinga?"

Mkulu uja anapukusa mutu mwamphamvu kuti amuone pagalasi.

"Ikalibe."

Tinayendabe pang'ono. Injini inafika paja. Dzanja linatera paphewa mofatsa, ndipo topu inalowa bwinobwino. Ndinaona mapewa a Ba Mbololwa akugwedezeka, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati kunali kuseka kapena kulira. Ba Mwiinga anakhala pansi, ulendo uno atayang'ana kaye pokhala.

Chabota atabwera ndi wogula uja anapeza pansi pa mango pali mafuta odontha okha. Anadikira mpaka masana, anaona makolo ake akubwera pa njinga, bambo ake atagwada kumbuyo ngati wopemphera, n'kumuuza wogulayo kuti pepani, katundu ali ndi eni ake.

Anayenda motero zaka zina ziwiri. Musaganize kuti mkangano unatha. Unangosintha nkhani. Tsopano ankakangana kuti Ba Mwiinga amagunda mwamphamvu ngati akupha udzudzu, kuti amagunda phewa lolakwika, kuti tsiku lina anagunda chifukwa choona mnzawo wa kumowa. Popeza mmodzi sankamva bwino, zonsezi zinkanenedwa mofuula, ndipo ife a mzere wonse tinkadziwa za m'nyumba imeneyo kuposa za m'nyumba zathu.

Ba Mbololwa anatisiya m'nyengo yozizira ya 1999. Chinali chifuwa, ndipo sichinatenge nthawi. Kumanda kunadzaza anthu amene sindinkadziwa kuti ankawadziwa: eni magolosale, ophika a m'malo ogona alendo atavala zoyera zawo, osema ziboliboli a ku Mukuni, ndi amuna a kumowa atavala majekete obwereka. Tinaimba nyimbo imene iwo ankaikonda. Chapakati mawu a Ba Clementina anaduka, koyamba chiwadziwire, ndipo ife a alito tinainyamula tokha mpaka kumapeto, pakati pathu pali mpata umene palibe anayerekeza kusendera kuti autseke.

Njinga Chabota anaikweza pa lole. Mazira masiku ano amabwera pa galimoto, ndipo woyendetsa satsika n'komwe. Mpanda wanga wamabango unakhala chete moti ndinayamba kumva zinthu zimene sindinkazimva kale, monga kudontha kwa mpopi wanga. Ba Mwiinga anakana kupita ku Lusaka. Anatsala okha m'nyumbamo, ndipo anthu, powamvera chisoni, anayamba kuwachitira ulemu umene sanauzolowere.

Mwezi wa Novembala chaka chomwecho ndinakumana nawo pamsika wa Maramba. Ananyamula kapepala ka tomato, ataima pakati pa njira akuyang'ana kumwamba. Anali ataonda, jekete likulendewera.

"Mvula ibwela lelo," anauza mayi wogulitsa tinsomba ta kapenta.

"Inde, Ba Mwiinga, ibwela," mayiyo anayankha mwaulemu.

Anatembenukira kwa ine, nkhope ili yogwa.

"Waona, Lonah? Manje bonse bavomela chabe. Nikakamba ati mvula, ati inde. Nikakamba ati dzuwa, ati inde. Dzulo nauza Ba Nawa ati nkhuku ili na mano, bakamba ati ni zoona. Nikafika kunyumba, nayo nyumba ivomela."

Ndinayang'ana kumwamba. Mitambo yakuda bii inali itaunjikana chakumwera, mphepo ikununkhira dothi lonyowa, amayi ayamba kale kufunditsa katundu wawo. Ngakhale mwana akanadziwa.

"Mwanama, Ba Mwiinga," ndinatero. "Siibwela lelo."

Anandiyang'ana ngati ndawapatsa mphatso. Msana unawongoka.

"Iwe Lonah, udziwa chani pa za mvula?"

"Nidziwa kuti iyo mitambo ipita ku Zimbabwe."

"Ku Zimbabwe? Na mphepo iyi? Ine nagwila nchito panja zaka zambili, mitambo niidziwa monga bana banga."

Tinakangana kuchokera pamsika, njira yonse ya ku Libuyu. Ananditchula mbuli, ine ndinawatchula wolosera wabodza, ndipo anayenda mwamphamvu moti ndinkachita kuthamangira. Tisanafike pa mlatho mvula inagwa, yamadontho akuluakulu, yoyamba chaka chimenecho. Anthu anathawira m'makhonde a magolosale. Ndinawakoka dzanja kuti nafenso tikabisale, koma anakana. Anaima pakati pa msewu, madzi akutsika pa dazi, tomato ali m'manja, ndipo anandigwira kuti nanenso ndiime pomwepo mpaka nditanyowa mokwanira kudziwa amene analondola.